Chinese elm pafupi ndi nyumba: ndiusiye kapena ndiuzule ukadali waung'ono?

Wofuna_Mthunzi:

Moni nonse. Funso langa likupita kwa amene mtengo wa Chinese elm mukuudziwa, makamaka inu amene muli nawo pakhomo kapena mumagwira ntchito ya mitengo.

Kuseri kwa nyumba imene tikukhala kuli mtengowu, anabzala ndi amene ankakhala muno kale. Kachikwangwani kakunazale kanali kakadali panthambi, kolembedwa kuti Chinese elm, basi. Panopa watalika mamita atatu kapena kupitirirako pang'ono, ndipo thunthu lake ndi masentimita 7 kukula kwake cha m'munsi. Uli mamita 4 kuchokera pakhoma la nyumba, ndi mamita awiri kuchokera pakanjira kasimenti kopita kukhomo lakuseri.

Ine mtengowu ndimaukonda. Masamba ake ndi aang'ono, mthunzi wake si wa bii, moti udzu pansi pake ukumera bwinobwino. Koma pali zimene zikundisowetsa mtendere. Thunthu lagawikana pawiri pamsinkhu wa pachifuwa, ndipo mbali zonse ziwiri n'zonenepa mofanana, zikukwera pamodzi mothinana. Khungwa lam'munsi layamba kusupuka tizigamba, pansi pake pakuoneka pofiirira. Ndiye aneba anga, bambo achikulire amene anakhalapo kunja, akuti mtengo umenewu ndi wachabechabe, mphepo ikangowomba nthambi zimathyoka, komanso ati pali matenda amene anatha mitengo ya elm ku Ulaya. Malangizo awo ndi oti ndidule lero lomwe.

Ndilinso ndi kambande kena ka mtundu womwewu m'chubu, kamene ndimafuna kukabzala kumaso kwa nyumba. Kodi ndikudziputira mavuto? Ndithandizeni, akuluakulu.

Mdulamitengo:

Mayi, nkhwangwa ikhale kaye pansi. Musanamvere ine kapena aneba anuwo, tsimikizani kuti mtengo muli nawowo ndi uti, chifukwa dzina loti Chinese elm likuyenda ndi mitengo itatu yosiyana, ndipo milandu ya iwiri inayo imakonda kugwera weniweniyo.

Weniweni ndi umene akatswiri a zomera amati Ulmus parvifolia. Kwawo ndi ku China, Korea, Japan, Taiwan ndi Vietnam. Masamba ake amatalika masentimita 2 mpaka 5, ndi okhuthala, onyezimira pamwamba, ndipo m'mphepete muli timano ting'onoting'ono tobuntha. Mukayang'ana pamene tsamba lalumikizana ndi kaphesi kake, mbali imodzi imatsikirako kuposa inzake. Umachita maluwa kumapeto kwa nyengo yotentha, pamene ma elm ena ambiri amachita maluwa kuzizira kukangotha. Njere zake ndi zopyapyala, iliyonse ili pakati pa kaphiko kozungulira, kakulidwe kake sentimita imodzi. Chizindikiro chachikulu ndi chimene chakuopsanicho: khungwa lomasupuka tizigamba n'kusiya mawanga otuwa, ofiirira, achikasu, ena obiriwira pang'ono. Amenewo si matenda. Mtengo ukamakula mawangawo amachuluka, ndipo anthu ambiri amaubzalira khungwa lomwelo. Musalipale, musalipake chilichonse.

Wachiwiri ndi Siberian elm, Ulmus pumila, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi umene aneba anu anauona. Ku United States anaubzala kwambiri m'ma 1930 m'zigwa zapakati pa dzikolo kuti uzitchinga mphepo, nthawi imene chilala ndi fumbi zinkawononga minda, ndipo anazale ankaugulitsa ndi dzina la Chinese elm. Umakula mofulumira koma mtengo wake ndi wosalimba, nthambi zimangopululuka, masamba amadyedwa ndi tizilombo mpaka kutsala mitsempha yokha. Khungwa lake n'lokhakhala, la ming'alu yozama, silisupuka. Wachitatu si elm n'komwe. Ndi Celtis sinensis, umene ku Queensland, m'dziko la Australia, anthu amautcha Chinese elm, ndipo boma lakumeneko linaletsa kuugulitsa kapena kuugawa chifukwa cha mmene umafalikira m'mphepete mwa mitsinje. Uwu masamba ake ndi okulirapo, ali ndi mitsempha itatu yoyambira patsinde la tsamba, khungwa n'losalala, ndipo umabereka tizipatso tofiira timene mbalame zimadya n'kukamwaza njere.

Malinga ndi mmene mwafotokozera khungwalo, wanuwo ndi weniweni, koma kathyoleni tsamba mukaliyang'anitsitse.

Za matenda a ku Ulaya aneba sananame. Ndi Dutch elm disease, amene amayamba ndi fangasi, mtundu wa nkhungu, yotseka njira za madzi mkati mwa thunthu, ndipo imanyamulidwa ndi tizikumbu toboola khungwa. Akatswiri a ku Netherlands ndi amene anayamba kuifufuza m'ma 1920. Mtundu wake woopsa kwambiri unafika ku Britain chakumapeto kwa ma 1960 n'kupha mitengo ya elm yoposa 25 miliyoni. Koma imene inatha ndi ma elm a ku Ulaya ndi a ku America. Chinese elm amalimbana nawo bwino matendawa, ndipo n'chifukwa chake mizinda yambiri inayamba kuubzala m'misewu pamalo pa imene inafa. Ndiye apo musade nkhawa.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine pa zonse mwalembazi ndi mphandayo. Ntchito yanga ndi yodulira mitengo, ndipo Chinese elm amene ndimaitanidwa kukachotsa atang'ambika pafupifupi onse amakhala ndi chilema chomwechi. Mtengo wa Chinese elm pawokha ndi wolimba, wovuta kuwaza, moti ena amapangira zigwiriro za zida. Koma kakulidwe kake n'kosalongosoka. Ukadali waung'ono sukonda kusankha mutu umodzi, umatulutsa iwiri kapena itatu yolimbirana, yokwera mothinana. Mitu iwiri ikamakula moyandikana choncho, khungwa la mbali zonse limatsekeredwa pakati, ndiye thabwa la uku ndi la uko sililumikizana. Kunja mumaona ngati zagwirana, koma mkati muli mng'alu wobisika. Zili ngati anthu awiri okhala pampando umodzi aliyense akunenepa: tsiku lina wina adzagwa basi. Zimatenga zaka khumi kapena makumi awiri, nthambi zitalemera, kenako mphepo yamkuntho imang'amba theka la mtengo mpaka pansi. Bala lotero silipola, mtengo wonse umachotsedwa.

Yang'anani pamphandapo. Ngati yatseguka bwino, ndipo pakati pali kamzere ka khungwa kotukuka m'mwamba, ndiye kuti yagwirana. Ngati ndi yothina ndipo khungwa likulowa mkati ngati msoko, ndi imene ndikunenayi. Mwayi wanu ndi woti mtengo wa mamita atatu umakonzeka ndi kasowo kam'manja, munthu ataima pansi. Mukadikira zaka zisanu padzafunika makwerero, zingwe ndi munthu ngati ine.

Tsopano mamita 4 ajawo. Ndisakunamizeni, ndi pafupi. Mtengowu ukakhwima umafika mamita 12 mpaka 15, ina mpaka 18, ndipo umatambalala pafupifupi chimodzimodzi. Tanthauzo lake, nthambi zidzafika pamwamba pa denga. Ine ndikamabzala sindiyandikira kuposa mamita 7 kapena 8. Za mizu anthu amakokomeza pang'ono: muzu suboola maziko olimba, komanso sulowa m'paipi yopanda mng'alu. Chimene umachita n'kuyenda m'mwamba mwa nthaka n'kutukula simenti yopyapyala, ndiye kanjira kanuko kadzatukuka, vomerezani zimenezo. Umapezanso polumikizira mapaipi a zonyansa pamene pakudontha kale n'kulowa. Choopsa chenicheni chili padothi. Ngati lanu ndi lamakande, lija limang'ambika kukauma, elm amamwa madzi ambiri, dothi limafota pansi pa maziko, khoma n'kuyamba ming'alu. Padothi lamchenga kapena lotayirira vutoli silioneka kawirikawiri. Tiuzeni dothi lanu, komanso kumene mapaipi adutsa.

Wosesa_Pabwalo:

A Mdulamitengo anena zoona zokhazokha, koma iwo amabwera, kudula, n'kumapita. Tsache amagwira ndife. Ine ndili nayo iwiri yaikulu, ndipo ndikanati ndiyambirenso sindikanabzala ngakhale umodzi.

Njere, mayi, njere! Zikakhwima zimagwa zosawerengeka, zimadzaza m'ngalande za padenga, zimamatirira pagalasi la galimoto, zimalowa ndi nsapato mpaka m'nyumba. Mvula ikagwa, paliponse pamene pali dothi lofewa pamamera timitengo: m'mabedi a maluwa, m'miphika, m'tsinde mwa mpanda, ngakhale m'ming'alu ya simenti. Kakadali ndi masamba awiri kamazuka ndi zala. Mukakalekerera miyezi ingapo kamakhala katamiza muzu, mukakoka kamadukira pansi n'kuphukanso. Ine ndimazula dothi likadali lonyowa, apo ayi ndimachita kukumba. Ndipo musaganize kuti mukadzatopa nawo mudzangodula n'kuiwala. Chitsa chake chimaphuka mwamphamvu, mizu yotsala nayo imatulutsa mphukira.

Kumalo kotentha mtengowu suyoyola masamba kamodzi n'kutha. Umagwetsa pang'onopang'ono, ena akugwa ena akadalipo, ndiye kusesa kwake sikukhala ndi tsiku lomaliza. Timasambato n'tating'ono, timapulumuka pachokokolera. Kunyumba kwathu kulinso wina amene amayetsemula ndi kuyabwa maso mitengoyi ikachita maluwa, ndiye ngati muli ndi wa mphumu kapena wodana ndi mungu, liganizireni limenelo.

China n'choti ngati mwayandikana ndi mtsinje, dambo kapena tchire, musabzale wachiwiriyo. Kumadera akum'mwera kwa United States ndi mbali zina za Australia mtengowu unathawa m'mabwalo n'kuyamba kudzimerera wokha kutchire. Njere zouluka ndi mphepo sizidziwa malire a puloti.

Kukongola ndiye ndi wokongoladi, sindikana. Dzuwa likamalowa thunthu lija limachita kuwala. Koma ine ndikuti zulani ukadali waung'ono, mubzale china.

Kamtengo_Mumphika:

Ine ndingoyankhapo za kambande kali m'chubuko. Ngati kumaso kulibe malo okwanira, musakataye, kayeseni bonsai, luso losunga mtengo mumphika n'kumaudulira kuti ukhalebe waung'ono. Chinese elm ndi umodzi mwa mitengo imene oyamba kumene luso limeneli amaphunzirirapo, chifukwa masamba ndi aang'ono kale, ndipo ukaudula molakwika umaphukanso ngakhale pathunthu lakale. Kuuma mutu komwe a Wosesa akudandaula nako, mumphika kumasanduka ubwino.

Mphukira ikafika masamba asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, ndimaibweza kusiya awiri, ndipo nthambi zimachulukana zokha. Dothi likhale la timiyala, lotaya madzi msanga, kuthirira pamwamba pakayamba kuuma. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu mumauzula n'kuchepetsa mizu, ndipo zidutswa za mizu yonenepa mukazibzala mutu uli kunja zimaphuka n'kukhala mitengo ina. Ogulitsa ambiri amati ndi mtengo wa m'nyumba, koma wanga amasangalala panja. M'nyumba mopanda kuwala amachita chikasu n'kugwidwa ndi tizilombo tofiira ting'onoting'ono tonga akangaude. Nthawi zina mudzaupeza ukugulitsidwa ndi dzina la Zelkova, umene ndi mtengo wina wa banja lomwelo, wa masamba otalikirapo ndi osongoka. Palinso mitundu ya timasamba tochepetsetsa, Hokkaido ndi Seiju, koma Hokkaido nthambi zake zimathyoka msanga mukamapinda ndi waya, si woyambira.

Wofuna_Mthunzi:

Zikomo kwambiri nonse. A Wosesa mwandiseketsa, koma ndamva, ndipo za njerezo sindimazidziwa chifukwa wangawu sunayambe kubereka.

Bambo Mdulamitengo, ndakayang'ana. Masamba ndi aang'ono, okhuthala, mbali imodzi yotsika monga munanenera, ndipo mtsempha waukulu ndi umodzi wapakati. Mphanda ndi yothina ndithu, khungwa likulowa mkati. Mbali iliyonse ndi masentimita 4 kapena 5. Imodzi ndi yowongoka, inayo yapendekera kunyumba. Dothi ndi lofiirira losakanikirana ndi mchenga, madzi sadikha, ndipo sindinalionepo litang'ambika. Mapaipi onse adutsa mbali ina ya nyumba. Mtsinje kapena tchire kulibe pafupi, ndi nyumba zokhazokha.

Ndasankha kuusunga. Ndiye ndidule bwanji, ndipo liti? Pabalapo ndipake penti kapena phula? Ndaonanso masamba ena am'munsi ali ndi mawanga achikasu okhala ndi timadontho takuda, ena agwa. Amenewo ndiye matenda? Kumaso kwa nyumba malo alipo, mamita 9 kuchokera pakhoma, koma cha kumpanda kwadutsa mawaya a magetsi.

Mdulamitengo:

Dothi lotero, mapaipi ali kutali, ine ndingausunge. Mudziwe chabe kuti mwalowa pangano lodulira mtengowu chaka ndi chaka kwa zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, kenako mwa apo ndi apo moyo wake wonse, chifukwa cha denga. Mukanafuna kuusamutsa, msinkhu umenewu n'zothekabe, koma thunthu la masentimita 7 limafuna kunyamulidwa ndi chibuma cha dothi cha masentimita 75 kapena 80 m'mimba mwake. Chimenecho ndi cholemera, si cha munthu mmodzi, ndipo mtengo umaima kukula kwa chaka kapena ziwiri.

Mwayi wina ndi woti mbali yoyenera kuchoka ndi yomwe yapendekera kunyumbayo. Yowongokayo ndiye mutu. Koma musachotse inayo yonse tsiku limodzi, chifukwa pamenepo mwachotsa theka la masamba, ndipo bala la masentimita 5 pathunthu la masentimita 7 ndi lalikulu kwambiri. Ine sindichotsa kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a masamba pachaka. Chaka chino ingoifupikitsani: tsikani kuchokera kunsonga mpaka gawo limodzi mwa atatu kapena theka la kutalika kwake, mupeze kanthambi kotuluka m'mbali koloza kunja, mudule pamwamba pake penipeni. Kanthambiko kasakhale kowonda kwambiri, kafike gawo limodzi mwa atatu a kunenepa kwa imene mukudulayo. Mukatero mbali imeneyo yatsala ndi masamba ochepa, ndiye imanenepa pang'onopang'ono, pamene mutu uja ukulandira dzuwa lonse n'kuthamanga. Chaka chamawa mubwezenso. Pofika chaka chachitatu mudzaona kuti imene inali yolimbirana nayo yasanduka nthambi wamba, thunthu laiposa kawiri, ndipo mukhoza kuichotsa bala lake n'kukhala laling'ono poyerekeza ndi mtengo.

Pochotsa nthambi yolemera musayambe ndi pathunthu. Chekani kaye pansi pake pang'ono, masentimita 20 kuchokera pathunthu. Kenako chekani pamwamba, patsogolo pang'ono pa pamene munayamba, mpaka igwe. Kucheka kwapansi kuja kumaletsa khungwa kusendeka mpaka m'thunthu nthambi ikamagwa. Pomaliza chotsani kachitsa katsalako. Pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu pamakhala potupa pang'ono mozungulira. Dulani kunja kwa potupapo, osapasenga, komanso osasiya chitsa chachitali. Mtengo umatsekera bala kuchokera pamenepo. Penti, phula, oyilo, zonsezo ayi. Zimasunga chinyontho pabala n'kuthandiza kuola. Sowo yakuthwa ndi yoyera ndiye mankhwala.

Nthawi yabwino ndi nyengo yozizira, mtengo ukapuma, mphukira zatsopano zisanayambe. Nthambi zimaonekanso bwino masamba akachepa. Kumadera kumene kuli Dutch elm disease amapewa kudula elm nyengo yotentha chifukwa fungo la bala limakopa tizikumbu tija. Nthambi yothyoka kapena youma yokha ndiye mumachotsa tsiku lililonse mwaiona.

Mutu ukakhazikika, ntchito yotsala ndi kusankha nthambi zokhalitsa. Zikhale zotuluka motambalala, zotalikirana masentimita 30 mpaka 45 pokwera thunthu, zoloza mbali zosiyanasiyana, ndipo iliyonse isapitirire theka la kunenepa kwa thunthu. Ikayamba kupitirira, ifupikitseni monga muja. Yokhalitsa yoyamba ikhale mamita awiri ndi theka kuchokera pansi, chifukwa Chinese elm amagwetsa nsonga zake, mudzatopa n'kuwerama. Nthambi sikwera mtengo ukamakula, pamene yatulukira mpomwepo mpaka kalekale. Komabe timphukira tating'ono tam'munsi musatisadze tonse lero. Timadyetsa thunthu kuti linenepe komanso timaliteteza ku dzuwa. Muzitifupikitsa, n'kumachotsa pang'onopang'ono tisananenepe.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimakangana nazo ndi eni mitengo pafupipafupi. Choyamba n'kudula mutu wonse kuti mtengo ufupike. Chinese elm mukamutero amatulutsa mphukira zambirimbiri pachilondapo, zothamanga, zogwira pakhungwa pokha, ndipo pakatha zaka zochepa mwabwerera pamsinkhu womwewo ndi nthambi zoopsa kuposa kale. Chachiwiri n'kupulula tinthambi tonse tamkati n'kusiya masamba kunsonga kokha, ati kuti mphepo izidutsa. Kulemera konse kumapita kunsonga, nthambi imagwedezeka kwambiri n'kuthyoka. Wodulira aliyense akakuuzani chimodzi mwa ziwirizi, mumuthokoze n'kufuna wina.

Mawanga mwaonawo akufanana ndi matenda a masamba a elm obwera ndi fangasi yotchedwa Stegophora ulmea. Amakonda nyengo yachinyontho ndi masamba onyowa nthawi yaitali, n'chifukwa chake ayambira m'munsi. Amanyansitsa mtengo n'kugwetsa masamba ena, koma mtengo wa pabwalo sufa nawo kawirikawiri. Sesani masamba akugwawo muwachotse, chifukwa fangasiyo imagonera mmenemo kudikira nyengo ina, ndipo pothirira thirani pansi, osati kuwaza pamasamba. Ine sindipopera mankhwala pa zimenezi. Nsabwe za zomera nazo zimabwera pamphukira zanthete n'kudonthetsa zomata, koma madzi amphamvu a m'paipi amazigwetsa. Chimene mtengowu umadana nacho kwambiri ndi mankhwala opha udzu wa masamba otambalala amene anthu amathira pakapinga. Mizu yake ili pansi pa kapingayo, imamwa, masamba n'kupiringizika. Makina otchetchera udzu nawonso asamagunde thunthu, khungwa lake n'lopyapyala.

Feteleza musavutike naye ngati masamba ali obiriwira ndipo mtengo ukukula. Mukauthamangitsa ndi feteleza mumangochulukitsa nthambi zazitali zofooka zoti mudulenso.

Za wachiwiriyo, mamita 9 kuchokera pakhoma ndi abwino, koma yezaninso kuchokera pamawaya. Pakhale mamita 8 kapena kuposa, apo ayi amagetsi adzabwera kudzaudula mbali imodzi mosasamala maonekedwe, ndipo adzakhala akulondola. Ngati sizikukwana, mverani a Kamtengo_Mumphika. Dziwaninso kuti mbande yochokera kunjere siidziwika khalidwe, ina imawongoka, ina imatambalala, ina khungwa lake silikongola kwenikweni. Mitundu yosankhidwa imachulukitsidwa ndi zodula kapena kumezanitsa, ndiye imatengera kholo. Mwa mitundu imeneyi, Drake amatambalala n'kugwetsa nthambi, ndipo ndi amene amafuna kudulira kwambiri. Allee amakwera m'mwamba, Athena ndi wozungulira wofupikirapo, Bosque amasunga mutu umodzi yekha ndipo ndi wowonda, woyenera malo opanikizika. Pa njere a Wosesa sananame, yonseyi imabereka.

Mukaganiza zobzala, dzenje likhale lotambalala kawiri kapena katatu kuposa chubu, koma losazama kupitirira chubucho. Palani dothi lapamwamba mpaka muone pamene thunthu layamba kutambasuka kukhala mizu, ndipo pamenepo pakhale pofanana ndi nthaka kapena pamwamba pang'ono. Mitengo yambiri imafa pang'onopang'ono chifukwa chokwiriridwa khosi. Mbande ikakhalitsa m'chubu mizu imazungulira, ndiye iwongoleni, yokanika muidule, chifukwa muzu wozungulira ukanenepa umadzapotokola thunthu lake lomwe. Bwezerani dothi lomwe munakumbalo, osadzaza dzenje ndi manyowa. Pamwamba yalani masamba ouma kapena tizidutswa ta makungwa, masentimita 5 mpaka 8 kuchindikala, koma zisakhudze thunthu. Thirani madzi ambiri kamodzi kapena kawiri pamlungu m'malo mowaza pang'ono tsiku lililonse, mpaka zaka ziwiri zoyamba zithe. Ukagwira umapirira chilala, koma madzi odikha pamizu saufuna. Ngati kambandeko n'kopindika, kaikireni zichiri ziwiri n'kumanga momasuka ndi nsalu kapena mphira kuti kazitha kugwedezeka, ndipo muchotse chaka chikatha chingwe chisanalowe m'khungwa.

Musanadule chilichonse, mangani kansalu pamalo amene mukuganiza kudulapo, mujambule mtengo wonse ndi mphandayo chapafupi, muike pano tione ngati kanthambi mwasankhako kakukwana.

Wosesa_Pabwalo:

Poti mwasankha kuusunga, ikiranitu sefa pangalande za padenga mbali imeneyo usanayambe kubereka. Ikhale ya mabowo aang'ono kwambiri. Ya mabowo aakulu njerezo zimalowa n'kumera momwemo.